Kodi kumeta ndevu mwachikale kumapulumutsadi ndalama?

Achimwene ena andilembera imelo. Atopa ndi malezala amasiku ano a mitu yothothola, ati ndi odula komanso amawatupitsa ziphuphu pakhosi. Akufuna kubwerera ku lezala la mbali ziwiri, burashi ndi sopo, koma awona pa intaneti anthu atadzaza mashelefu ndi zida. Funso lawo: ndalama zipulumukadi?

Achimwene, masamu ake ndi awa. Lezala limodzi limameta katatu mpaka kasanu. Mukamameta katatu pa sabata, paketi ya malezala 100 a Astra kapena Derby, yomwe kunja imakhala pa madola 10 mpaka 15, ikufikitsani zaka ziwiri. Chogwirira, chitsulo chomangirapo lezalalo, ndicho chimaluma m'thumba kamodzi kokha: Merkur 34C ya ku Solingen ku Germany kapena Edwin Jagger DE89 ya ku Sheffield ku England, cha m'ma madola 40. Burashi ya Omega ya ubweya wa nkhumba ndi sopo wa Arko wa ku Turkey, zonse pamodzi sizidutsa madola 20. Mukayitanitsa kunja muwonjezerepo ya mtengatenga ndi msonkho, zomwe nthawi zina zimaposa mtengo wa sopoyo. Choncho gulani zonse mu phukusi limodzi.

Pa ziphuphu mukunena zoona. Mutu wa malezala atatu kapena asanu umakoka tsitsi n'kulidulira m'munsi mwa khungu. Ndevu zathu ndi zopotana, ndiye tsitsilo pomera limapindika n'kuboola khungu, chotupa n'kuyamba. Lezala limodzi silikoka chotero. Komabe mukameta molimbana ndi kumene ndevu zagonera, kapena kukanikiza, ziphuphu zibweranso, ngakhale chogwirira chikhale chodula motani. Pendeketsani pafupifupi madigiri 30, kulemera kwa chitsulo kugwire ntchito, dzanja lizingotsogolera.

Apa ndi pamene pamandinyansa. Munthu wameta milungu iwiri, wadzitema, basi wagamula kuti cholakwa ndi chida. Agula chogwirira chachiwiri, kenako chachitatu chachitsulo chosachita dzimbiri cha madola mazanamazana, kenako burashi ya ubweya wa kanyama kotchedwa badger, ija amati silvertip, yoposa madola 100. Chikhalirecho vuto linali thovu louma. Burashi ya nkhumba imafuna kuviika m'madzi ofunda mphindi zingapo musanayambe, ndipo imafewa pakatha milungu ingapo, nsonga za ubweya zikagawanika. Ambiri amayitaya isanafike pamenepo. Thovu labwino limanyezimira ndi kuterera. Likamaphwa msanga pankhope, donthezani madzi pang'onopang'ono. Madzi a pamjigo okhala ndi mchere amavutitsa sopo wina, monga Mitchell's Wool Fat, pamene Arko ndi Proraso sasankha kwenikweni. Sopo 15 pashelefu si kumeta ayi, ndi kutolera, ndipo wina fungo lake lidzathawa musanamufike pakati.

Lumo lopinda lija, la ometa akalekale, ndi nkhani ina. Malezala simugula, inde, koma mufunika chikopa chopukutirapo musanamete nthawi iliyonse, ndi miyala yonolera ya manambala 1000, 4000 ndi 8000, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala. Miyala yokhayo ikhoza kuposa mtengo wa lumolo. Oyamba kumene amacheka chikopa chifukwa chotembenuzira lumo kukamwa kwake m'malo mwa kumsana. Musayambire kumeneko.

Chogula ndi chiti tsono?

Chogwirira chimodzi, burashi imodzi, sopo mmodzi, ndi mwala wa alum woletsa magazi mukadzitema. Ndalama yoyesera ipite pa malezala okha: timapaketi ting'onoting'ono ta mitundu inayi kapena isanu, mtundu uliwonse sabata yathunthu, Feather wa ku Japan pomaliza chifukwa ndi wakuthwa koopsa. Mitu ya Merkur ndi Edwin Jagger ndi ya zinki yokutidwa ndi chrome, ndiye musamange mopyola kapena kugwetsa pa simenti, kamsomali ka mazinga kamathyoka. Miyezi isanu ndi umodzi ithe musanagule china.