Mafunso ndi Mayankho: Kabokosi Kanga ka Fuzz Sikakulira

Funso: A Mkonzi, ndakhala ndikuimba gitala yamagetsi kwa zaka zitatu, ndipo posachedwapa ndinaganiza zodzipangira ndekha kabokosi kosintha kaliridwe ka gitala, kamene oimba amakatchula kuti pedal. Ndinatsatira chithunzi cha kalumikizidwe ka Fuzz Face, ndinawotcherera zonse usiku umodzi, n'kutsekera m'kabokosi ka aluminiyamu. Kabokosiko kakakhala kozimitsa gitala ikumveka bwinobwino, koma ndikangoponda swichi kagetsi kakuyaka, mawu onse zii. Kodi ndawononga zipangizo, kapena ntchitoyi ndi ya okhawo amene anaphunzira zamagetsi? Ndine wanu, Wokonda Gitala.

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo musataye mtima, pakuti mwasankha poyambira pabwino. Fuzz Face, pedal yopangitsa gitala kulira mosasa, imene kampani ya Arbiter inayamba kupanga ku London mu 1966, ili ndi ma transistor awiri okha, ma resistor anayi, ma capacitor atatu ndi zopotokola ziwiri, kotero malo amene vuto lingabisale ndi ochepa ndithu. Komanso zimene mwafotokoza zatichotsera kale theka la ntchito. Popeza gitala ikumveka kabokosi kakakhala kozimitsa, ndiye kuti zingwe zanu zamagetsi ndi mabowo olowetsamo zingwezo n'zabwino, ndipo popeza kagetsi kakuyaka, ndiye kuti batire ili ndi moto. Vuto lili pa kathabwa kamene munawotchererapo zipangizo, kapena pa mawaya ochokera pa swichi kupita pa kathabwako.

Yambani ndi miyendo ya ma transistor, tizipangizo tokweza mawu, chifukwa apa ndi pamene ongoyamba kumene amagwa kawirikawiri. Transistor iliyonse ili ndi miyendo itatu, emitter, base ndi collector, koma sikuti miyendoyi inandandalikidwa mofanana pa mitundu yonse. Mukatenga 2N3904 n'kuyang'ana mbali yake yophwatalala, miyendo italoza pansi, kuchokera kumanzere mupeza emitter, base, kenako collector. Mukatenga BC547 n'kuigwira chimodzimodzi, mupeza collector kumanzere ndipo emitter ili kumanja. Pamaso zimaoneka ngati mapasa, koma mukaika ina m'malo mwa inzake osaitembenuza, kabokosi kamakhala chete kapena kamangolira monong'ona.

Onaninso ngati chithunzi chimene munatsatira n'chogwirizana ndi ma transistor amene munagula. Fuzz Face yoyambirira inali ndi ma transistor a germanium a mtundu wa PNP, ndipo mbali ya batire yolembedwa + ndiyo imalumikizidwa ku ground (njira yomwe zipangizo zimagawana yolumikizika ku kabokosi ka aluminiyamu), pamene ya ma transistor a silicon a mtundu wa NPN imafuna batire itatembenuzidwa, limodzinso ndi ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi, amene ali ndi mwendo wa + ndi wa −. Zithunzi ziwirizi zimafanana kwambiri moti munthu wotopa usiku sangasiyanitse.

Mukatsimikiza zimenezi, tulutsani kathabwako m'kabokosi, mukaike pa tebulo pamalo owala bwino, ndipo muyang'ane malo aliwonse amene munawotcherera. Powotcherera pabwino pamaoneka posalala, mtovu utakwera mwendo wa chipangizo ngati kachulu kakang'ono. Mukaona mtovu utaundana ngati kampira kotuwa pamwamba pa mwendo, dziwani kuti simunatenthetse mokwanira, ndipo magetsi mwina sakudutsa ngakhale kuti pakuoneka ngati pagwira. Konzani mwa kukhudzitsa nsonga ya chowotcherera pa mwendo ndi pa mkuwa nthawi imodzi kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako n'kuonjezera mtovu pang'ono. Yang'ananinso ngati kadontho ka mtovu sikanalumikize mizere iwiri ya mkuwa yoyandikana. Nthawi zina kabokosi kamayamba kulira mukangotulutsa kathabwako, ndipo zikatero ndiye kuti kumsana kwake kumakhudza aluminiyamu, zimene mungathetse poyala kapulasitiki pansi pake.

Ngati muli ndi multimeter, chida choyezera magetsi, ndipo ine ndimaona kuti aliyense wofuna kupitiriza ntchitoyi ayenera kukhala nayo asanagule n'komwe kabokosi kokongola, yezani mphamvu ya magetsi pa collector ya transistor yachiwiri. Pa batire ya mavoti 9, opanga ambiri amafuna kuti pamenepa pakhale mavoti pafupifupi 4.5. Mukapeza pafupifupi 9 kapena pafupifupi 0, ndiye kuti transistor yatsekeratu kapena yatsegukiratu, ndipo mawu alibe mpata wodutsa.

Tsono ndinene chimene ndikuona kuti chinalakwika kwenikweni, chomwe ndi kuwotcherera zonse ndi kutseka kabokosi musanamve kulira kwake. Ulendo wina mudzayambe pa breadboard, kathabwa ka timabowo komwe mumangosomekapo zipangizo popanda mtovu. Pamenepo mukhoza kutembenuza transistor m'kanthawi kochepa, ndiponso mukhoza kuzula capacitor yolowera mawu n'kuikapo yocheperako, n'kudzimvera nokha mmene mawu okhuthala a pansi akuchepera. Chisangalalo cha ntchitoyi chagona pamenepo, pakuti khutu lanu limayamba kudziwa chimene kachipangizo kalikonse kamachita, ndipo mumapanga kaliridwe kamene inuyo mukufuna m'malo mongokopera ka ena.

Za chitetezo, mavoti 9 sangakuvulazeni, koma wotchererani pamalo opita mphepo ndipo muzisamba m'manja mukagwira mtovu. Musatsegule ampulifaya ya ma valve, timachubu tagalasi tokweza mawu, pofuna kufufuza vutoli, chifukwa ma capacitor ake amatha kusunga mavoti mazanamazana ngakhale mutaizula kukhoma. Mukayeza, tilembereninso manambala amene mwapeza pa miyendo isanu ndi umodzi ya ma transistor anu, ndipo mutiuze mtundu wake, kuti tidzaunikire limodzi.