Amalume, za tabuleti ya pa ulendo wa ku Joni ija

Salamu alaikumu amalume. Mwaswera bwanji ku Namwerako? Ife kuno ku boma tili bwino, kungoti dzuwa ndiye laswa mtengo. Uthenga wanu pagulu la WhatsApp lino ndauona m'mawa, koma ndinali ndi anthu, ndiye ndati ndingojambula mawu poti kulemba sindingamalize. Mwafunsa kuti mugule tabuleti yotani yosaboola m'thumba, yoti muziyenda nayo pa basi ya ku Joni, muziwerengerapo Qur'an popeza zilembo za pafoni zayamba kukuvutani maso, komanso muzionetserapo makasitomala zithunzi za katundu. Chabwino, mundimvere mofatsa.

Choyamba, ndipo ichi ndiye ndikuchigwiritsa kwambiri: mugule yolowa simu khadi. Matabuleti ambiri amapangidwa amitundu iwiri, dzina limodzi, maonekedwe amodzi. Ina imangogwira WiFi basi, inayo ili ndi polowetsa simu, pabokosi amalemba LTE kapena 4G. Ya WiFi yokhayo imatsikirako mtengo, ndiye wogulitsa amayamba kukuonetsani imeneyo. Koma taganizani amalume, mwadutsa pa Mwanza, mwalowa Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge, masiku awiri muli pampando, WiFi muitenga kuti? Mudzati ndilumikize ku foni, inde zimatheka, koma foni imatentha n'kutha batire msanga, pomwe foniyo ndi imene muli Airtel Money ndi Mpamba wanu. Pamene ikakhala yolowa simu, mukangofika ku Joni mumagula simu ya Vodacom kapena MTN, amakulembetsani ndi pasipoti, n'kuiika mu tabuletimo. Nambala yanu yakuno imakhalabe mufoni. WhatsApp yanu yomweyi mutha kuilumikiza ku tabuleti osasintha nambala, ndidzakupangirani ineyo, ndi kanthu ka mphindi ziwiri.

Kukula kwake, musatengeke ndi chachikulu. Ndikudziwa, maso amafuna chachikulu. Koma cha mainchesi 11 chija pa basi chimatopetsa mkono, ndipo m'kachikwama kanu ka paphewa simungalowe, ndiye chimakathera m'chikwama chachikulu pansi pa basi, kumene chimakanikizidwa ndi matumba a anthu. Cha mainchesi 8 kapena 9 ndi chokwanira. Zilembo za Chiarabu zimaoneka bwinobwino ndi zizindikiro zake zonse, ndipo mutha kuzikulitsa ndi zala.

Tsopano apa ndi pamene anthu amalirira. Pali timatabuleti topanda dzina lodziwika, tamabokosi owala, olembedwa manambala akuluakulu, eti malo osungira zinthu 512GB, eti 16GB RAM (memore yoyendetsera mapulogalamu), koma mtengo wake wofanana ndi wa kafoni wamba. Amalume, chonde, timeneto ayi. Ine ndinagwa nako chaka chatha, ndinagulira ana kamodzi mu shopu ina, sinditchula. Nditafika kunyumba ndinaikamo mavidiyo ochepa chabe, kakuti malo atha. Manambala aja anachita kulemba mkatimo kuti azinama, ngakhale mutatsegula ku settings kamakuonetsani bodza lomwelo. Pasanathe miyezi itatu batire linafufuma, galasi n'kutukuka. Nditabwerera anandiuza kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Zinandiwawa kwambiri chifukwa inali ndalama ya thukuta, ndipo sindikufuna inu zikuonekereni muli m'dziko la eni.

Palinso zina zenizeni ndithu, zolimba, koma zosakuyenerani. Amazon Fire anthu amabwera nazo zambiri, n'zotchipa, koma sizilowa simu ndipo mulibe Play Store, moti mapulogalamu amene munazolowera pafoni mudzavutika kuwapeza. Za Huawei zatsopanozi nazonso zilibe za Google, kuyambira pamene dziko la America linawaletsa mu 2019. iPad ndi yabwino, palibe angatsutse, koma mtengo wake ndi mpamba wonse wa ulendo, ndipo ilibe polowetsa memore khadi.

Ndiye mukandifunsa kuti nanga iwe ungagule iti, ine ndingatenge Samsung Galaxy Tab A9, yaing'onoyo, osati ya Plus. Inatuluka mu 2023, sikirini ndi mainchesi 8.7, kulemera kwake ndi magalamu 330 kapena kuposerako pang'ono, batire ndi 5,100 mAh. Muonetsetse kuti ndi ya LTE. Ikasowa, Lenovo Tab M9 ilinso bwino, batire n'chimodzimodzi, koma ya Lenovoyo ilipo ina ya 3GB RAM ndi malo 32GB, imeneyo muisiye. Pa iliyonse imene mungasankhe, RAM isachepere 4GB, malo asachepere 64GB. Ya 32GB ija pafupifupi theka limakhala litadyedwa kale ndi za mkati mwake, WhatsApp ya banja lathu lino yokha ndi mavidiyo a maukwati ingaidzaze mwezi usanathe. Chifukwa china chimene ndikukondera Samsung n'choti galasi likasweka, okonza mafoni ku Limbe, ku Lilongwe, ngakhale ku Joni komweko amalipeza. Za mayina osadziwika zija zikasweka ndiye kuti zatha.

Mtengo sinditchula pano, chifukwa chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zoterezi siikhazikika, wa lero si wa mwezi wamawa. Mufunse malo atatu musanatulutse ndalama. Ndipo poti inu mumapita ku Joni kawirikawiri, muyerekezenso ndi mtengo wa m'mashopu akuluakulu a kumeneko, opereka risiti ndi waranti. Mukaona kuti kusiyana n'kwakukulu, ulendo uno mupirire ndi foni popita, mukagule komweko, mudzayambe kuigwiritsa ntchito pobwerera. Za m'misewu zogulitsa atanyamula m'manja zija musayerekeze, zina n'zakuba.

Mukasankha yogwiritsidwapo kale ntchito, mwiniwake aifufute zonse inu mukuona, ayiyatsenso, mulowetse akaunti yanu ya Google pomwepo. Ikafunsa akaunti ya munthu wina, bwezani, imeneyo ndi yokhomedwa. Muikemo simu yanu muone ngati netiweki ikubwera, muilumikize ku chaja muone ngati ikulowa moto.

Pa ndalama yanuyo musiyeko ina ya tinthu tinayi. Chikuto cholimba ndi galasi lomata pamwamba, zimenezo musatuluke mu shopu musanaike. Memore khadi ya 64GB kapena 128GB, yoti tiikemo Qur'an yonse ya mawu, mapu a Google a Johannesburg oti azitseguka popanda bandulo, ndi zithunzi za katundu, zonse tidzatsitsiretu muli konkuno. Ndi pawa banki ya 20,000 mAh, imeneyo imadzaza tabuleti yotere kawiri n'kutsalako wina wa foni. Masoketi a m'basi musawadalire, ena sagwira, ndipo pa Beitbridge mutha kukhalapo maola ambiri basi itazimitsidwa. Aa, ndikanaiwala, mufunse ngati m'bokosimo muli mutu wa chaja, zambiri masiku ano zikubwera ndi chingwe chokha. Komanso mukudziwa kale kuti mapulagi athu a mano atatu afulati salowa m'makoma a ku Joni, kumene mabowo ake ndi ozungulira, ndiye kaadaputala kanu kaja kasatsale.

Kwathu kuno mdani wamkulu ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala uno musaisiye pawindo la basi kapena m'galimoto yotseka, ndipo musaichaje ili pansi pa pilo, batire limawonongeka. Ana akapita nayo kunyanja, mchenga umalowa polowetsa chaja paja. Pa boda, potsika kukadinditsa pasipoti, izikhala pathupi panu, osati pampando.

Mukaipeza, musanalipire mundijambulire bokosi kutsogolo ndi kumbuyo komwe kuli timalemba ting'onoting'ono, mutumize pagulu pompano, ndiona nambala ya modelo ngati ilidi ya simu. Loweruka ndikwera Chowe kubwera kumeneko kudzaona agogo, memore khadiyo ndibwera nayo nditaikiratu Qur'an. Mupereke moni kwa azakhali.