Aphunzitsi, musafufute Windows pa makina onse 14

Aphunzitsi, ndawerenga funso lanu ndi mayankho onse amene abwera kuyambira dzulo. Kwa amene sanalione: Aphunzitsi ali ndi kasukulu kophunzitsa kompyuta, makina 14 a kaunjika, onse a Windows 10, ndipo Windows 11 ikukana kulowa. Kupatula kuphunzitsa, amatayipiranso anthu ma CV, makadi aukwati ndi mapulogalamu a maliro. Mng'ono wawo akuti afufute zonse aike Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, chifukwa Microsoft inaphangira msika, ndiye akufunsa ngati amvere.

Ndikanakhala ine, makina 12 ndikanaika Linux Mint, awiri n'kuwasiya a Windows. Koma sindikanachita mawa lomwe, ndipo sindikanachita chifukwa chokwiyira Bill Gates.

Za kuphangira msikazo mng'ono wanu sakunama. Mu 1981 IBM itatulutsa kompyuta yake ya padesiki, inaikamo DOS, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yochokera ku Microsoft, yomwe nthawi imeneyo inali kakampani kakang'ono. DOS yakeyo sanailembe okha, anachita kugula kwa Seattle Computer Products. Kuchenjera kwawo kunali pa pangano: anasunga ufulu wogulitsa DOS yomweyo kwa wina aliyense. Compaq ndi anzake atayamba kupanga makina otengera a IBM, onse anayenera kugogoda pakhomo pa Microsoft. Kenako panabwera mapangano oti wopanga makompyuta azilipira Microsoft pa makina alionse amene watulutsa, kaya muli DOS yawo kaya mulibe. Ndani akanaikamo ya kampani ina kuti alipire kawiri? Boma la America linawaletsa zimenezi mu 1994.

Mlandu waukulu unabwera mu 1998, nkhani yake ya Netscape. Microsoft itaona kuti anthu akukhamukira pa intaneti kudzera pa browser ya Netscape, inasokerera Internet Explorer mkati mwa Windows, yaulere, n'kumapanikiza opanga makompyuta kuti asaichotse pamaso pa ogula. Mu 2000 woweruza Thomas Penfield Jackson analamula kuti kampaniyo iduke pakati, mbali ina ya Windows, ina ya mapulogalamu monga Office. Khoti la apilo mu 2001 linavomereza kuti Microsoft inaphwanya lamulo poteteza mphamvu zake pamsika, koma linakana zoidulazo, mwa zina chifukwa woweruzayo ankacheza ndi atolankhani mwamseri mlandu uli mkati. Pofika nthawi imeneyo Netscape inali itatha kale mphamvu. Ku Ulaya anawalipitsa chindapusa cha ma euro 497 miliyoni mu 2004, nkhani ya Windows Media Player ndi kubisira makampani ena mmene makina awo angalumikizirane ndi Windows, kenako 561 miliyoni mu 2013 chifukwa chosiya kuonetsa ogula tsamba losankhirapo browser, chinthu chimene analonjeza okha.

Muone kuti pa milandu yonseyi kukula kwa kampani sikunali mlandu. Mlandu unali kugwiritsa ntchito kukulako potsekera anzako njira. Ndi mfundo yomweyo imene CFTC, bungwe loona za mpikisano pa malonda kwathu kuno, imayendera, komanso bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda lija lili ndi likulu lake ku Lilongwe.

Chimene chikukukhudzani inu pa mlandu wa 1998 ndi chimene woweruza anafotokoza ngati muzu wa mphamvu za Windows. Olemba mapulogalamu amalembera Windows chifukwa ndiko kuli anthu, anthu amagula Windows chifukwa ndiko kuli mapulogalamu. Zili ngati siteji ya minibasi. Khonsolo ikhoza kumanga siteji yatsopano, ya denga ndi mipando, koma madalaivala amaima pamene pali anthu, anthu nawo amaima pamene minibasi zimaima, siteji yatsopano ija n'kukhala pogona mbuzi. Goli limene lili pakhosi panu si Windows yeniyeniyo. Ndi mafayilo a .docx amene makasitomala amabwera nawo pa fulashi, ndi CorelDRAW imene mumapangira makadi, ndi driver ya pulinta yanu, ndi zala za ophunzira zomwe zinazolowera malo amene batani lililonse lili. Mukachotsa Windows osamasula zimenezi, pakutha pa sabata ziwiri mudzakhala mukuibwezeramo usiku, kasitomala akudikira pulogalamu ya maliro a mawa.

Ndikufunanso ndiwaziziritse pang'ono achimwene aja akulemba za Windows ndi Linux ngati ndi masewero a Bullets ndi Wanderers. Ochemerera ndi ife, eni matimu amadyera mbale imodzi. Mu 1997 Apple ili pafupi kugwa, Microsoft inaikamo madola 150 miliyoni. Steve Ballmer, mkulu wa Microsoft nthawi imeneyo, ananena mu 2001 kuti Linux ndi khansa. Lero Microsoft ili ndi njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows momwe, ndipo mu 2018 inagula GitHub, nkhokwe yaikulu ya mapulogalamu aulere. Ku mafoni zinthu zinatembenuka. Windows Phone inali yabwino ndithu, mpaka Microsoft inagula nthambi ya mafoni ya Nokia mu 2014 kuti iikankhe, koma inafa imfa yomwe ija ya siteji yopanda minibasi: kunalibe mapulogalamu. Microsoft yemweyo anali m'gulu la makampani amene anakadandaula ku Ulaya kuti Google ikupondereza anzake ndi Android. Zinkakomera mbuzi kugunda galu. Akuluakulu a ku Ulaya analipitsa Google ma euro 4.34 biliyoni mu 2018. Ndipo Android imeneyo, ya mu Tecno kapena itel ili m'thumba mwanumo, mtima wake ndi Linux yomwe Linus Torvalds anayamba mu 1991 ali mwana wasukulu ku Helsinki. Funsani a Huawei, amene anawadula ku mapulogalamu a Google mu 2019, ngati kukhala ndi Linux pansi kunawapatsa ufulu.

Mzinda wa Munich ku Germany ndi umene ndimaukumbukira ndikamva munthu akuti tifufute zonse. Anagwirizana zosamukira ku Linux mu 2003, zinawatengera zaka pafupifupi khumi kusamutsa makompyuta okwana ngati 15,000, ndipo mu 2017 khonsolo inavota zobwerera ku Windows. Ndale zinalowapo, inde, koma chimene chinawadyera nthawi pa kusamukako chinali timapulogalamu ta ofesi iliyonse ndi mafomu akale amene anamangidwira Word ndi Excel. Dera lina la Germany lomweyo, Schleswig-Holstein, linalengeza mu 2024 kuti likusamutsa makompyuta 30,000, ndipo linayamba ndi kusintha Office kupita ku LibreOffice, pulogalamu yaulere yogwira ntchito za Word ndi Excel, za Linux pambuyo. Inunso yambirani pamenepo.

Mwezi woyamba musakhudze Windows. Ikani LibreOffice pa makina momwe alilimo, ntchito zanu za tsiku ndi tsiku muzichitira mmenemo. Muone ma CV a makasitomala akatsegulidwa akuoneka bwanji. Vuto limene mukumane nalo msanga ndi la mizere kudumpha, CV ya tsamba limodzi kusefukira pa lachiwiri. Mukadzafika pa Linux, nthawi zambiri gwero lake limakhala font. Calibri ndi Cambria ndi za Microsoft, pa Linux kulibe, koma kuli Carlito ndi Caladea zimene anazipanga ndi muyeso wofanana ndendende. Mukaziika, mizere imakhala m'malo mwake. Za Arial ndi Times New Roman zili ndi zinzake zotchedwa Liberation. Chilichonse chopita kwa kasitomala chimene sakasinthanso, mupatseni PDF. Ngati muli ndi makadi akale a Publisher, yambani pano kuwasunganso mwa njira ina, chifukwa Microsoft inalengeza kuti Publisher ikutha mu October 2026. Limenelo ndiye goli ndimanena lija: ntchito yanu ya zaka zambiri ili m'chikwama chimene kiyi wake ali ndi wina.

Mwezi wachiwiri, mng'ono wanu akopere Linux Mint, mtundu wa Xfce umene supempha zambiri ku makina okalamba. Ndi pafupifupi 3 GB, bandulo imodzi ya usiku ikwana, ndipo fulashi imodzi itumikira makina onse. Ubwino wake mukhoza kuiyatsa kuchokera pa fulashipo osafufuta kanthu. Yesani makina amodzi amodzi: Wi-Fi, mawu, pulinta, makamaka sikana, chifukwa sikana ndi imene imakonda kuvuta. Ma pulinta ambiri a HP amangogwira okha, ena a makampani ena amafuna kuwanyengerera. Ndasankha Mint chifukwa maonekedwe ake sasocheretsa munthu wozolowera Windows, batani la mapulogalamu lili pakona pamunsi pomwe paja. Pansi pake ndi Ubuntu, mtundu wina wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Dzinalo ndi umunthu womwewu timanena ife. Kukoma kwa dzina sikuyendetsa pulinta, komabe ndimasangalala kuwauza ophunzira.

Ndalama yochepa imene muli nayo musaithere pa malayisensi a makina okalamba. Gulani ma SSD, zosungira mafayilo zothamanga kwambiri, ngakhale a 128 GB, m'malo mwa ma hard disk akalewo, ndipo makina amene ali ndi RAM ya 2 GB muwakweze afike 4 GB. Kompyuta ya 2013 ikalandira SSD imadzuka ngati yamwa mankhwala.

Makina awiri a Windows aja ndi a CorelDRAW, Photoshop ngati mumaigwiritsa, ndi pulogalamu ya akaunti monga Sage kapena QuickBooks. Pa Linux izi siziyenda bwinobwino, wina asakunamizeni. Zaulere zopangira makadi ndi zithunzi, Inkscape, GIMP ndi Scribus, zilipo ndipo ndi zamphamvu, koma nyengo ya maukwati si nthawi yophunzira chida chatsopano. Vuto ndi loti Microsoft inasiya kutumiza ma update a chitetezo a Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula kwa amene analembetsa chaka chowonjezera chothera mu October 2026. Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ngati ndi ya Intel ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, ndiye kuti makina a cha m'ma 2018. N'chifukwa chake anu akukanidwa ngakhale ali amoyo. Njira yabwino ndi kugulitsa awiri kapena atatu mwa akalewo, muonjezerepo, mupeze awiri a kaunjika a m'badwo umenewo. Ambiri ochokera m'maofesi akunja amabwera ndi layisensi yawo mkati. Ngati thumba silikulola, awiri a Windows 10 aja akhale osalumikizidwa ku intaneti ndipo fulashi ya mlendo isalowemo.

Ena akulangizani kuti pulogalamu ya Rufus imalowetsa Windows 11 pa makina okanidwa. Imalowetsadi, ndinayesapo. Koma Microsoft inaneneratu kuti makina otere sakulonjezedwa ma update, ndiye mukhoza kudzuka tsiku lina sukulu yonse itaima nthawi imodzi. Pa laputopu yanu ya kunyumba yesani, pa bizinesi ayi. Za kuika Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi, pa sukulu sindingavomere. Mapanga awiri avumbwitsa. Wophunzira amasunga ntchito mbali iyi, mawa n'kuifuna mbali inayo, ndipo update imodzi ikhoza kusokoneza poyatsira.

Achimwene amene mwalonjeza Aphunzitsi Windows ya crack pa mtengo wa botolo la Fanta, pepani, apa ndiye tasiyana. Ka pulogalamu kotsegulira layisensiko kamafuna muyambe mwazimitsa antivirus, ndipo simudziwa kabwera ndi alendo angati. M'makina a Aphunzitsi muli ma CV a anthu, manambala a ziphaso, ma satifiketi. Ndinakonzapo makompyuta a ofesi ina yotayipa kumene mafayilo a zaka zitatu anatsekedwa ndi vayilasi, mwini wake anangokhala pa benchi manja ali m'mutu. Vayilasi ya WannaCry ya May 2017 inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri ku Britain kudzera pa makina a Windows amene sanalandire update yomwe inali itatuluka kale miyezi iwiri m'mbuyomo. Ndipo pali chinthu chimene okonda crack sachiona: Windows yakuba imalimbitsa mphamvu za Microsoft yemweyo, chifukwa mwana aliyense amene waphunzira pa iyo adzakafika ku ofesi akufuna Windows, ofesiyo n'kulipira. Kavayilasi ka ma shortcut kamene kamabisa mafayilo pa fulashi, pa Linux sikagwira ntchito, mafayilo obisidwa aja amaoneka poyera. Kameneka kokha kadzakupulumutsirani maola ambiri.

Nkhawa yanu ya ophunzira ndi yomveka. Zotsatsa ntchito zimati Word ndi Excel, sizinena LibreOffice. Koma wophunzira amene wamvetsa tebulo, ma margin, mail merge, ndi fomula ngati SUM kapena IF, amasamuka pa masiku awiri, chifukwa mafomulawo ndi amodzimodzi. Amene amavutika ndi uja anangoloweza kuti dinani batani lachitatu kumanzere; ameneyo anasochera ngakhale mu 2007 pamene Microsoft yokha inasintha maonekedwe a Office. Phunzitsani pa Linux, sabata ziwiri zomaliza azisinthana pa makina a Windows aja, ndipo pa satifiketi mulembe zonse ziwiri.

Chotsala ndi mng'ono wanu. Walira mvula walira matope. Mufunseni pamaso kuti pulinta ikakana Loweruka m'mawa abwera kapena azingoyankha pa WhatsApp. Okonza makompyuta ambiri m'matauni mwathu akaona Linux mankhwala awo ndi amodzi, kufufuta n'kuika Windows, mafayilo anu n'kupita nawo. Ngati iye sapezeka kawirikawiri, aphunzitse inuyo ndi wophunzira mmodzi wochangamuka kuika Mint kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kawiri kapena katatu, mpaka muzichita nokha. Musanakhudze makina alionse, mafayilo a makasitomala akhale atakopedwa pa hard disk yapadera imene imagona kunyumba, osati kusukuluko.

Lembani pano dzina ndi nambala ya pulinta ndi sikana yanu, komanso purosesa ya makina awiri amene mumawaona kuti ndi amphamvu kuposa enawo. Ndikuuzani madzulo ano ngati zigwire pa Mint, musanawononge bandulo.