Msewu wa zii woyenda pa njinga: yankho kwa mbale wa ku Mabvuku

Mbale wina wa ku Mabvuku, dera la kum'mawa kwa mzinda wa Harare, wandilembera imelo. Akuti kwawo ndi ku Ntcheu, kuno ku Harare wakhalitsa, ndipo chaka chino wagula njinga ya magiya. Funso lake nali: "Ndatopa n'kupalasa pakati pa makombi ndi mishikashika (timagalimoto tonyamula anthu mopanda chilolezo). Ndikapeza tchuthi cha masiku anayi kapena asanu, ndingalowere kuti komwe kuli mapiri a udzu, mitsinje ndi msewu wa zii, ngati momwe anthu amasimbira za ku Nyika?"

Achimwene, pitani ku Nyanga, kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe. Koma musayambire kupalasa pakhomo panu. Msewu wa ku Mutare, uja wa A3, inu a ku Mabvuku mumaudziwa bwino poti uli pafupi nanu: ndi njira ya mathiraki opita ku doko la Beira kudzera pa chipata cha Forbes. Kuchoka mu Harare kukafika ku Rusape ndi makilomita pafupifupi 170, ndipo masiku awiri a tchuthi chanu angathere pamenepo, mtima uli m'mwamba, khutu lili kumbuyo. Kwezani njinga pa basi mukatsikire pa Rusape. Poikweza muimirire pomwepo. Chimene chimapindika msanga ndi kachitsulo kogwira magiya a kumbuyo, choncho njinga igone mbali ya tcheni ili kumwamba, ndipo wina asasanjikepo thumba la chimanga.

Pa Rusape mukhotera mu msewu wa A14 wolowera ku Juliasdale, makilomita ngati 70 a tala. Magalimoto alipo koma ndi apatalipatali. Msewu umakwera pang'onopang'ono, poyamba pakati pa minda ndi matanthwe akuluakulu osanjikizana, kenako mphepo imayamba kuzizira ndipo mumalowa m'nkhalango za paini. Tsiku loyamba lithere pamenepo. Amene amakakamira kuti afike m'tauni ya Nyanga tsiku lomwelo amadzuka mawa lake miyendo itakana.

Zimene mwafunsa zija zili mkati mwa Nyanga National Park. Polowa mumalipira kwa a ZimParks, bungwe loyang'anira mapaki, ndipo pomwepo funsani misewu yomwe ili yotsegula ndi malo omwe mungakhome tenti. Mkatimo misewu yambiri ndi yafumbi. Mapiri ake ndi a udzu waufupi, opanda mitengo, ogonagona mpaka kumene maso alekezera, ndipo m'makwawa mumatsika timitsinje ta madzi ozizira kuti zii, momwe mumakhala nsomba za trout. Mungapalase ola lathunthu osakumana ndi galimoto, mukungomva tcheni chanu ndi madzi. Pamwamba pa zonse pali phiri la Nyangani, lalitali kuposa onse m'Zimbabwe muno, mamita 2,592. Phiri la Nganda la ku Nyika limaliposa ndi mamita ochepa chabe, ndiye nzosadabwitsa kuti malo awiriwa akufanana chonchi: kutalika kwake n'kofananako, udzu ndi nkhungu zake n'zimodzi. Phirilo amakwera ndi miyendo, njinga mumaisiya pansi. Musalikwere nokha. Eni dera amalilemekeza ngati malo a mizimu, ndipo anthu anasowapo kumeneko.

Mukamapalasa muziyang'ananso m'mbali mwa zitunda. Muona mizere ya miyala yoyalidwa mopingasa phiri, ndi maenje ozungulira omangidwa ndi miyala. Ndi minda ndi midzi ya anthu amene ankalima kumeneko zaka mazana angapo zapitazo. Zambiri zili ku Ziwa, kunja kwa paki, ngati tsiku lingakutsalireni.

Kuchoka m'tauni ya Nyanga kupita ku Troutbeck ndi chitunda chenicheni cha tala, ndipo kuchoka apo kukafika pamalo oonera patali otchedwa World's View muli pamwamba pa mamita 2,000. Apa ndi pomwe magiya amaonekera ntchito yake. Njinga ikakhala ndi katundu pa kaliyala, mufunika giya yomwe kutsogolo mano ake ndi ochepa kuposa kumbuyo, mwachitsanzo 24 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, kuti miyendo izizungulira mopepuka ngakhale mukuyenda liwiro la munthu wapansi. Ngati njinga yanu ilibe yotere, kaoneni okonza njinga musananyamuke. Kutsika n'kumakankha si manyazi, akabaza a ku Ntcheu amatero tsiku lililonse, koma kukankha njinga yolemera mtunda wa makilomita asanu kumathyola msana.

Za nyengo musazitenge mopepuka. Harare ali pa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6. Mu June ndi July kumtundako kumagwa chisanu, m'mawa udzu uli mbuu. Nkhungu ndi kamvula kowaza, konga chiperoni cha ku Thyolo, zimabwera mwadzidzidzi kuchokera ku Mozambique, ndipo munthu amene wangotuluka thukuta pa chitunda amayamba kunjenjemera pa mtsetse. Jekete losalowa madzi ndi magolovesi zikhale pamwamba m'chikwama. Ine ndimakonda April ndi May, mvula itangosiya, mitsinje ili yodzaza, fumbi lisanayambe. Kuyambira November mpaka March misewu yafumbi ija imasanduka matope omata m'mabuleki. September ndi October kumakhala kouma, koma utsi wa moto wa tchire umabisa mapiri.

Tsopano chigwa cha Honde. Pafupi ndi Juliasdale pamachoka msewu wafumbi wotchedwa Scenic Road, umene umakufikitsani pamalo oonera phompho la mtsinje wa Pungwe. Mtsinjewu umayambira pa Nyangani pomwepo n'kukathira m'nyanja ku Beira. Kutsogolo kwake kuli mathithi a Mutarazi, omwe madzi ake amagwa mamita opitirira 700, ndipo mukaima m'mphepete mwa phompho mumaona chigwa cha Honde chili pansi pa mapazi anu. Njira yotsikira kumeneko pa njinga ndi ya tala, imachoka mu msewu wa A15 wa pakati pa Juliasdale ndi Mutare n'kukafika ku Hauna. Pa A15 samalani mathiraki a matabwa.

Mtsetse umenewu ndi wokoma, komanso ndi umene ndimaopa pa ulendo wonse. Mumatsika mamita mazanamazana m'makona okhaokha. Ngati mabuleki anu ndi ogwira pa limu, mukawafinya osasiya limu imatentha mpaka chubu kuphulika. Finyani mwamphamvu musanafike pa kona, siyani, finyaninso, ndipo muziima n'kumakhudza limu ndi chala. Ikaotcha, khalani pansi mudye nthochi. Labala za mabuleki zikhale zatsopano, ndipo m'thumba mukhale zina zapadera pamodzi ndi machubu awiri, zigamba, guluu, mpope ndi masipoko angapo.

Mukafika pansi, jekete mumavula. Kumatentha, kuli chinyontho, nthochi zili paliponse, ndipo kumapeto kwa chigwachi, cha ku Aberfoyle, kuli minda ya tiyi. Kulinso udzudzu wa malungo, womwe kumtunda kuja kunalibe, ndiye neti musaiwale. Chigwachi muchiike kumapeto kwa ulendo, chifukwa zonse mwatsikazo wotuluka pa njinga amazikweranso. Pa Hauna kwezani njinga pa basi kapena kombi ya ku Mutare, ndipo kuchoka ku Mutare mabasi a ku Harare sasowa. Tengani madola ang'onoang'ono, pakuti m'magolosale a kumeneko chenji imavuta ndipo netiweki ya EcoCash, yolipirira pa foni, imathawathawa m'mapiri.

Musanapite, yesani miyendo kuno komweko. Msewu wa ku Mazowe musauganizire, magalimoto a ku Bindura ndi ochuluka. Kuseri kwa Mabvuku ndi Tafara kuli zitunda za Chishawasha, kumene ansembe a Jesuit anakhazikitsa mishoni mu 1892, ndipo msewu wa ku Arcturus uli pomwepo. Kwina koyeserako ndi ku Domboshava, makilomita ngati 30 kumpoto kwa Harare. Mangani katundu yense amene mudzatenge, madzi omwe, mupalase Loweruka ndi Lamlungu motsatizana. Ngati Lamlungu madzulo mawondo sakudandaula, kaguleni tikiti ya ku Rusape.