Mukupita ku Germany? Musakadzitsekere m'chipinda

Mtsikana wina wa chaka chachitatu pa Mzuni wanditumizira imelo. Wapeza mwayi wokaphunzira semesita imodzi ku Germany kudzera mu Erasmus+, pulogalamu ya European Union yosinthana ophunzira, ndipo anyamuka mu Okutobala. Azakhali ake amulangiza kuti akakafika azikangokhala m'chipinda ndi mabuku, za eni dziko asakazilowerere. Akufunsa kuti: "Kodi ndiwamvere?"

Achemwali, azakhali anuwo amakukondani, koma pa ichi chokha ine sindikugwirizana nawo. Mabuku alipo pa Luwinga pompano. Chimene kulibe kuno ndi anthu amene mukakumane nawo kumeneko.

Za mapepala ndingodutsamo mwachangu. Musananyamuke, aphunzitsi anu asayine Learning Agreement, pepala la mgwirizano wa maphunziro amene mukatenge, kuti maphunziro a uko adzawerengedwe mukabwerako. Semesita yathunthu imakhala ma ECTS 30, omwe ndi mapointi owerengera maphunziro ku Ulaya. Mukapeza pogona, lamulo limati mukalembetse adiresi yanu ku ofesi ya mzinda pasanathe masiku 14. Amati Anmeldung, ndipo sachita nazo chibwana.

Nkhani yaikulu ili kukhitchini. Ophunzira ambiri uko amakhala m'nyumba yogawana, yomwe amaitcha WG: aliyense chipinda chake, koma khitchini ndi bafa n'zimodzi. Anzanu enieni mukawapezera pamenepo, osati m'kalasi. Nyamulani mthiko ndi paketi ya khofi wa Mzuzu. Nyama ndi za mkaka zisiyeni, saloleza kulowa nazo. Ufa mukaupeza m'mashopu ogulitsa zakudya za ku Africa. Tsiku lina mukaphike nsima ndi nyemba, muwaitane onse, muwaonetse kutema mbamu ndi dzanja. Akapsa zala, akaseka, ndipo sabata yotsatira akakuitanani nawonso. Koma pakhoma pakakhala ndandanda yosesa ndi kukolopa, tsiku lanu musaliphonye. Zinyalala amazisankhula, mapepala kwaokha, mapulasitiki kwaokha, ndipo botolo lapulasitiki la chakumwa mukalibweza kushopu nthawi zambiri amakubwezerani masenti 25 a yuro. Ikakwana 10 koloko usiku phokoso lithe. Lamulungu mashopu ambiri amatseka, choncho gulirani zanu Loweruka.

Chimene chikakupwetekeni mtima poyamba ndi moni. Kuno munthu sungakhale naye mpando umodzi kuchoka pa depoti mpaka ku Ekwendeni osadziwa kwawo. Uko mutha kuyenda ulendo wonse wa sitima wina osakuyang'anani. Sikuti akudana nanu, ndi mmene adakulira. Amalankhulanso mosapsatira. Mphunzitsi akakufunsani maganizo anu akufunadi kuwamva, ngakhale otsutsana ndi ake. Ulemu wathu woyang'ana pansi iye angauone ngati simunawerenge. Nthawi akati 2 koloko, ndi 2 koloko.

Sindikubisirani: alipo ena okuyang'anitsitsani kapena kukunyozani chifukwa cha khungu lanu. Zikachitika musakazisunge mumtima, kanenani ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja.

Ndiye pali mdima. Ife a ku Mzuzu timadzitama kuti kuzizira tinakuzolowera, koma chisanu cha mu Juni n'chamasewera poyerekeza ndi Disembala wa ku Berlin, kumene dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana. Apa m'pamene malangizo a azakhali angakuvulazeni. Munthu ali yekha m'chipinda, kunja bii, foni m'manja kuonera anzake pa WhatsApp akudya kondowole ku Nkhata Bay, sachedwa kuyamba kulira popanda womumenya. Lowani kwaya, lembetsani masewera a payunivesite omwe sadula kwenikweni, pitani kutchalitchi chapafupi ngakhale Chijeremani chikukudutsani. Gulu la Erasmus Student Network limakonza maulendo, ndipo m'mayunivesite ambiri amapatsa mlendo mnzake womulondolera. Pemphani wanu musanakwere ndege.

Amalawi anzathu mukawapeza kacheze nawoni, mtima ukhale pansi, koma osati Loweruka lililonse. Azakhali muziwaimbira Lamulungu madzulo, muwauze amene mwadya naye nsima sabata imeneyo.