Piyano ya makiyi 88 yochokera ku Lusaka: kasankhidwe ndi kaodedwe kake

Achimwene, mwafunsa kuti ife a malonda a m'malire timaibweretsa bwanji piyano ya magetsi yonyamulika, ndiponso kuti kwaya yanu ya ku Kasungu igule iti, yoti muziphunzirira kunyumba n'kumaimbiranso pa misonkhano. Ndiyamba ndi kasankhidwe, chifukwa katundu ameneyu akangodutsa pa malire a Mwami sabwerera. Chitenje chikakanika kwa mmodzi, wina amagula tsiku lomwelo, koma piyano ya ndalama zambiri chonchi ogula ake ndi owerengeka.

Mufunsane kaye ngati mukufunadi piyano. Makwaya ambiri kuno anazolowera kiyibodi ya makiyi 61, monga ma Yamaha PSR, imene imaomba ng'oma ndi besi yokha woimba akangogwira ndi dzanja lamanzere. Piyano ya makiyi 88 ndi ina. Makiyi ake ndi olemera, ukakhudza pang'ono imalira mofatsa, ukamenya imalira mwamphamvu, ndipo zala zimaphunzira kulimba. Kwa munthu wofuna kuphunzira mozama palibe yoposa imeneyi. Koma Yamaha P-45, imene anthu amaitchula kwambiri chifukwa cha mtengo wake, ilibe ng'oma ngakhale imodzi. Ngati amayi a m'kwaya yanu amavina motsatira biti ya kiyibodi, akakudandaulani Lamulungu loyamba lomwe.

Mukatsimikiza, yang'anani kumbuyo kwake, poti ambiri amangoyang'ana kutsogolo. P-45 imalemera makilogalamu 11.5, mnyamata mmodzi amainyamula, koma potulukira mawu ili ndi pamodzi pokha, pa mahedifoni. Mukalumikiza mikisa (chida chosakanizira mawu opita ku masipika akuluakulu) pamenepo zimatheka, koma masipika ake amazima ndipo woimba amadalira masipika a tchalitchi kuti adzimve. Yamaha P-125 ndi Roland FP-30X zili ndi mabowo awiri apadera opita ku mikisa. FP-30X makiyi ake oimba ambiri amawakonda, kungoti imafika pafupifupi makilogalamu 15, ndipo kulemerako mumakumva mukamaitsitsa pa lole.

Ine nditakhala inu ndingatenge Casio PX-S1100. Ndi yopyapyala, makilogalamu 11 ndi pang'ono, potulukira mawu opita ku mikisa ilipo, ndipo imayaka ndi mabatire 6 a AA. Mukudziwa mmene magetsi amazimira, komanso kuti maliro, maukwati ndi misonkhano ya kumidzi nthawi zambiri zimachitikira kumene kulibe soketi. Mabatirewo amayatsa piyano ndi timasipika take basi, mikisa yanu ifunabe jenereta, koma kuphunzira usiku ndi mahedifoni sikuima. Oimba ena amati makiyi a Casio ndi opepukirapo kuyerekeza ndi a Roland. Ngati mungapeze ya munthu ku Lilongwe, kaikhudzeni musanatume ndalama.

Za mapiyano a Nord ofiira mumaziona pa vidiyo zija musavutike nazo. Mtengo wake ndi wa magulu oimba akuluakulu, ndipo alibe sipika.

Tsopano ulendo wake. Katundu wotere sitipikula kuti akhale m'shopu, timagula munthu akapereka dipoziti ndi dzina lenileni la piyanoyo, nambala yake yomwe. Ndimanyamuka pa Mchinji boma, kudutsa pa Mwami, kukwera basi ku Chipata, n'kuyenda tsiku lathunthu mu Great East Road mpaka ku Lusaka. Kumeneko pamafunika pasipoti. Chimene chimativuta kwambiri ndi ndalama zakunja. Kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wosinthira ndi kwacha ya ku Zambia sukhazikika. N'chifukwa chake mtengo umene ndingakuuzeni lero umagwira masiku ochepa okha. Si kuti tikufuna kukudyerani.

M'sitolo ndimatsegulitsa katoni, kuyatsa piyano, n'kukuimbirani vidiyo pa WhatsApp. Timadina kiyi iliyonse kuyambira kumanzere mpaka kumanja, mofatsa kenako mwamphamvu, inu mukumva. Timayesa pedulo, mahedifoni ndi mabowo a mikisa. Nambala yolembedwa pansi pa piyano ilembedwenso pa lisiti. Wogulitsa akakana kutsegula, ndimatuluka. Mapulagi a ku Zambia ambiri ndi a mano atatu ngati athu, pamene za ku Joni zimabwera ndi pulagi ina. Adaputa ikhale yakeyake ya m'katoni, chifukwa zogula pa msika n'zimene zimawotcha zida zotere. Kapedulo ka m'katoni kamathawa pansi pa phazi, choncho onjezani ndalama ya pedulo yolimba, choikapo chachitsulo ndi chikwama.

Katoni yake imapitirira mita imodzi ndi masentimita 30. Mu buti ya basi imalipiridwa payokha, ndipo ndimaima pomwepo mpaka nditaona kuti sanaikepo thumba la katundu wina pamwamba.

Pa malire zinthu zinapepuka kuchokera pamene ofesi imodzi ya Mchinji ndi Mwami inatsegulidwa mu Disembala 2022, mbali zonse ziwiri zimagwirira pamalo amodzi. Koma musamve zoti ndondomeko ya bungwe la zamalonda la COMESA ya amalonda ang'onoang'ono ikuthandizani apa. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a bungweli amene ali pa mndandanda wogwirizana. Piyano izi zimapangidwa ku Asia, ndiye a MRA amawerengera msonkho wolowetsera katundu ndi VAT potengera mtengo wake. Lisiti la sitolo likhale loona, ndipo pepala la msonkho mulisunge limodzi ndi mabuku a kwaya. Mtengo wanu wonse ndi wa m'sitolo, kusintha ndalama, basi, msonkho ndi phindu langa, ndipo ndimakulemberani chilichonse pachokha kuti msungichuma akawerenge pamaso pa anthu.

Wina akuuzani kuti akhoza kuidutsitsa pa njinga m'njira za kutchire motsika mtengo. Musavomere. Ikagwidwa pa rodibuloko imalandidwa, ndipo ngakhale itapulumuka, mabampu a njirazo amawononga makiyi. Ndalama zimenezi anasonkha ndi anthu osauka, ena anagulitsa mtedza ndi soya.

Dziwaninso kuti waranti imatsala kumene mwagula. Ikawonongeka, kuibweza ku Lusaka ndi ulendo wina ndi ndalama zina. Ndiye muifunditse nsalu chifukwa cha fumbi la m'chilimwe, ndipo muzizula pulagi magetsi akazima, kapena pa jenereta mpaka itakhazikika.

Mukagwirizana ndi kwaya, nditumizireni dzina la piyanoyo. Ikafika mubwere nokha kuno ku Mchinji, muiyese ndili pomwepo, kenako muitenge pa msewu wa Kamwendo ili pampando wakumbuyo wa galimoto, osati pa denga la minibasi.