Kalavati yanu inawerengeredwa minda imene kulibenso

Achimwene ena a ku Lilongwe anditumizira imelo. Akuti anaika kalavati ya mamilimita 900 pamsewu wa dothi, m'dera limene anthu akungomanga kumene, koma madzi ayamba kale kudumpha msewu. Akufunsa kuti pakati pa SWMM ndi HEC-HMS, mapulogalamu a pakompyuta owerengera madzi a mvula, ndi iti imene ingawapatse yankho lolondola.

Achimwene, funsoli landipweteka mutu, chifukwa aliyense amathamangira kufunsa za pulogalamu. Zonse ziwirizo n'zaulere ndipo n'zabwino. SWMM ndi ya EPA, bungwe loona za chilengedwe la ku America, ilipo kuyambira 1971, ndipo imagwira bwino pa ngalande ndi mapaipi a m'tauni. HEC-HMS ndi ya mainjiniya a asilikali a komweko, imayenera dera lalikulu lokhala ndi mitsinje. Koma madzi amene akudumpha msewu wanu sadziwa zimenezo. Tiyeni tiyambe ndi pepala ndi pensulo.

Tiyerekeze kuti malo onse amene amatsanulira madzi pa kalavatiyo ndi mahekitala 20. Masamu akale aja a Rational Method amati Q = C × i × A ÷ 360. A ndi mahekitala, i ndi mphamvu ya mvula m'mamilimita pa ola, C ndi gawo la mvula limene silimwerera pansi, ndipo Q, kuchuluka kwa madzi ofika pa kalavati, imatuluka m'ma cubic metre pa sekondi. Pamene panali minda ya chimanga ndi udzu, C anali cha m'ma 0.3. Mvula ya mamilimita 80 pa ola, mwachitsanzo, ikupatsani 1.3. Paipi ya konkire ya 900 yotsetsereka mita imodzi pa mamita 100 ikhoza kunyamula cha m'ma 1.8 ikadzaza, ngakhale pakamwa pake pamalowa ochepera apo. Ndiye poyamba zinkaoneka ngati zikukwana. Tsopano mudzaze malowo ndi malata, C afike 0.7. Mvula yomweyo ikupatsani 3.1. Ndipo sizithera pomwepo, chifukwa madzi oyenda pa simenti ndi m'misewu amafika msanga, ndiye mvula yoti muwerengere ndi ija yaifupi koma yaukali. Ikakhala 110 pa ola, mwadutsa 4.

Denga la malata la masikweya mita 100 likalandira mamilimita 50 limataya malita 5,000. Amenewo ndi madiramu 25, nyumba imodzi, ndipo mopanda kuchedwa onse ali panjira. Pabwalo posesedwa m'mawa uliwonse, popondedwapondedwa mpaka kuuma gwa, nawo sipamwa madzi ngati munda, koma pa chithunzi cha setilaiti pamaoneka dothi, ndiye anthu amapapatsa C wa munda. Ameneyo ndi msampha woyamba. Matebulo a Curve Number, njira ina yowerengera madzi osamwerera pansi, amene ambiri amakopera anapangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuchokera m'minda ya ku America. Mulibe mzere wa bwalo la ku Mtandire.

Wachiwiri ndi mpanda wa njerwa. Mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka a SRTM amaona dziko m'timabokosi ta mamita 30, ndiye pulogalamu ya mapu ya QGIS imakujambulirani malire okongola a dera lotsanulira madzi ngati kuti kulibe munthu. Pansi pano aliyense wazungulira puloti yake, waboola kabowo kumunsi kwa mpanda, madzi akutulukira kwa neba kapena mumsewu. Msewu umene wadula phiri chopingasa umatola madzi a mbali ina n'kuwabweretsa kwa inu. Mahekitala 20 anu aja akhoza kukhala 30. Komanso maenje oumbira njerwa ndi dambo zinkasunga madzi kwa kanthawi. Zikakwiriridwa n'kumangidwapo, chosungira chija chapita, ndipo palibe pulogalamu imene ingakuuzeni ngati simunapite kukaona. Ine ndimati munthu amene sanayendepo m'dera lake mvula ikugwa asaloledwe kusaina pulani ya ngalande. Valani magambuti, tengani ambulera, tsatirani madziwo kuchokera pa kalavati kukwera mpaka pamene ayamba kulowera kwina.

Nkhani ya mvula ndiyo imandikwiyitsa kwambiri. Zoyezera zambiri zimawerengedwa kamodzi m'mawa, ndiye chimene mumapeza ndi mvula ya tsiku lonse. Mamilimita 60 ogwa pang'onopang'ono usiku wonse ndi mamilimita 60 ogwa m'mphindi 40 amalembedwa mofanana m'buku, koma oyambawo amamwerera, enawo amagwetsa zimbudzi. Kugawa mvula ya tsiku ndi maola 24 kuti mupeze i ndi kudzinamiza. CHIRPS, mvula yoyerekezedwa mothandizidwa ndi setilaiti, nayo ndi ya tsiku, timabokosi take ndi ta makilomita pafupifupi 5, ndipo imasalaza mvula ya mabingu imene imakhuthukira mbali imodzi ya tauni mbali ina dzuwa likuswa mtengo. Pitani ku nthambi yoona zanyengo, mukafunse za masiteshoni odzilembera okha, monga mbali ya Chitedze kapena kubwalo la ndege la Kamuzu, ndipo mupemphe mvula ya mphindi 15, 30 ndi ola limodzi. Musaiwalenso kuti nthaka ya mu Febuluwale imakhala itakhuta kale. Lingadzi anasefukira ku Mtandire mu Febuluwale 2017, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anapeza mapiri a Blantyre atanyowa kale ndi dzinja lonse.

Kenako mchenga ndi majumbo. Paipi ya 900 ikadzaza mchenga mpaka theka, siitaya theka la mphamvu yake ayi. Malo odutsa madzi achepa ndi theka, koma kukhulana kwachuluka, ndiye mumatsala ndi gawo limodzi mwa atatu, cha m'ma 0.6. M'dera limene anthu akukumba maziko ndi kuunjika mchenga wa mumtsinje m'mbali mwa msewu, izi zimachitika dzinja limodzi. Kompyuta imaona paipi yoyera ngati yochokera kumene kufakitale.

Zoti muchite

Pa mahekitala 20, Rational Method ikukwanirani. Yezani njira yaitali imene madzi amayenda, muike mu fomula ya Kirpich yopezera nthawi imene madzi amatenga kuti afike pa kalavati, chifukwa mvula ya nthawi yotalika chomwecho ndiyo imakupatsani i: mamita 800 otsetsereka 2 pa 100 amapereka mphindi pafupifupi 15, koma kumbukirani kuti fomulayo inachokera m'minda ing'onoing'ono ya ku Tennessee mu 1940, pa ngalande ya konkire nthawiyo imafupika. Sankhani C wa dera litadzaza mapuloti onse, osati mmene lilili lero. Yesani yankho lanu ndi zimene zinachitikadi: funsani amayi okhala pafupi akuonetseni mzere wa matope pakhoma, yezani kukula kwa ngalande, ponyani botolo lothiramo madzi theka, muwerenge masekondi pa mamita 10, liwirolo muchulukitse ndi 0.8, kenako ndi kukula kwa ngalande kuja kuti mupeze Q. Mukafuna kulumikiza ngalande zingapo kapena kuona phindu la dziwe losungira madzi, pamenepo tsegulani SWMM, mugawe deralo motsatira misewu ndi mipanda, ndipo muitchere kuti iziwerengera madziwo mphindi zisanu zilizonse kapena kucheperapo. Kumtunda kwa kalavati kumbani dzenje lokola mchenga, ndipo mugwirizane ndi amfumu a m'deralo za amene azilifukula mu Okutobala ndi pakati pa Januwale.